Covrig ndi Zenera Lotseka

Sanda anali ndi kagalu. Dzina lake linali Covrig. Mchira wake unali wopindika ngati buledi wa mphete uja amagulitsa pa siteshoni, amene amamutcha covrig. Sanda ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Covrig akhale pakhomo.

Koma Covrig anali ndi milandu. Anakumba m'dimba la tomato. Anathamangitsa atsekwe. Anaba silipasi ya Amama. Silipasiyo inakapezeka m'khola la nkhumba.

"Ndatopa naye galu ameneyu," anatero Amama. "Pakhomo pano aliyense ali ndi ntchito. Nkhuku zimaikira mazira. Mphaka amagwira makoswe. Nanga iyeyu?"

"Amandikonda," anatero Sanda.

"Kukonda si ntchito, mwanawe."

Tsiku limenelo kunabwera Amalume Fane. Amalume Fane anali ndi munda wa mavwende. Mundawo unali kutali, kuseri kwa mchenga, pafupi ndi mtsinje waukulu. M'thumba mwawo munkalira kanthu. Ngwere, ngwere, ngwere.

"Ndipatseni ine kagaluko, achemwali," anatero Amalume. "Kazikalondera mavwende. Ndikakamanga pa tcheni pafupi ndi msasa."

"Akapanda kupeza ntchito pofika Lamlungu, mudzamutenge," anayankha Amama.

Tcheni! Covrig sanamangidwepo chibadwire. Covrig amagona pa mapazi a Sanda. Kumundako akadzalira, ndani adzamumve?

Sanda sanali mwana wokhulupirira zinthu msanga. Ukamupatsa switi, ankayamba waitembenuza. Ukamuuza kuti kunja kwacha, ankayamba wasuzumira. Akakayikira, ankatsinzina diso limodzi. Tsopano anayang'ana thumba la Amalume. Anatsinzina diso limodzi.

"Apa pali kanthu," anatero chamumtima.

Atate a Sanda anali oyendetsa lole. Loleyo inali yabuluu. Inali yakale, yokonda kutsokomola m'mawa. Atate ankanyamula mavwende kupita nawo ku mizinda ya kuseri kwa mapiri. Msewu wake unali wautali. Atate ankayenda okha.

Madzulo, onse anakhala pansi pa mpesa. Anadya buledi, tomato ndi tchizi. Atate anausa moyo.

"Msewu uja ukunditopetsa," anatero. "Ndimayankhula ndi chiwongolero. Chiwongolero sichiyankha. Ndikufuna galu woti ndizikwera naye."

Sanda anadumpha.

"Atate! Covrig!"

Atate anaseka mpaka ndevu zinagwedezeka.

"Galu wa m'lole amafunika wamtundu, mwana wanga. Uyu ndi mtundu wanji?"

"Mtundu wa Covrig."

"Mutu wa wina. Miyendo ya wina. Mchira wa buledi. Ayi, ine ndikufuna galu weniweni."

"Musavutike, alamu," anatero Amalume Fane. "Ine ndikudziwa anthu. Ndikubweretserani agalu amtundu. Musankhe nokha."

Sanda anawayang'ana. Bwanji Amalume akufulumira chonchi? Bwanji akumwetulira? Sanda anatsinzina diso limodzi.

"Apa pali kanthu."

M'mawa Amalume anabwera ndi galu woyamba. Dzina lake linali Ursu. Anali galu wa abusa a nkhosa. Anali wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Ubweya unali utamuphimba mpaka maso.

"Uyu saopa mimbulu," anatero Amalume. "Mbala ikangomuona, imathawa."

"Uyu ndiye galu!" anatero Atate. "Tiyeni timuyese."

Ursu anakwera. Anakhala pa mpando wa kuzenera. Sanda anakhala pakati. Malo anatsala ochepa. Sanda anafinyika ngati nsomba ya m'chitini.

Atate anachita zimene amachita nthawi zonse. Anatseka zenera la kumanja. Gwa! Anatseka zenera la kumanzere. Gwa! Anaika thonje m'khutu ili. Anaika thonje m'khutu ilo.

M'mudzimo aliyense ankaopa mphepo yodutsa. Mphepo yodutsa imalowera uku n'kutulukira uko. Ikakupeza, khutu limapweteka. Dzino limabaya. Khosi limauma. Inawapezapo Atate ali mnyamata, ndipo khutu lawo siliiwala. Ndiye m'lole mwawo mazenera sankatsegulidwa ikamayenda. Ngakhale timabowo ta mpweya anatitseka ndi nsanza.

"Thukuta silipha," anatero Atate. "Mphepo ndiye imapha."

Lole inatsokomola. Lole inanyamuka. Dzuwa linali phwee! Anadutsa tchalitchi. Anadutsa sitolo. Ursu anatulutsa lilime. Anayamba kupuma wefuwefu. Anayamba kukanda chitseko. Kwe, kwe, kwe! Kenako anauwa.

"Hu! Hu! Hu!"

Lole yonse inanjenjemera. Thonje linathothoka m'khutu la Atate. Atate anatembenuza lole.

"Uyu ayi," anatero. "Uyu ndi wa nkhosa basi."

Ursu anatsika. Anamwa madzi onse a atsekwe. Anagona pamthunzi. Anangoti phee.

Sanda anasangalala. Anakumbatira Covrig.

"Mmodzi wagwa," anamunong'oneza.

Tsiku lotsatira Amalume anabwera ndi galu wachiwiri. Dzina lake linali Vidra. Anali galu wa alenje. Anali wowonda, wamiyendo italiitali. Makutu ake anali lendelende.

"Uyu satenga malo," anatero Amalume. "Ndiponso ndi womvera. Ukati khala, amakhala."

"Uyu ndiye galu!" anatero Atate.

Vidra anakwera. Anakhala pa mpando wa kuzenera. Sanda anakhala pakati. Atate anatseka zenera la kumanja. Gwa! Anatseka zenera la kumanzere. Gwa! Thonje m'khutu ili. Thonje m'khutu ilo.

"Thukuta silipha. Mphepo ndiye imapha."

Anadutsa tchalitchi. Anadutsa sitolo. Vidra anatulutsa lilime. Anayamba kupuma wefuwefu. Anayamba kukanda chitseko. Kwe, kwe, kwe! Kenako anakweza mutu n'kulira.

"Auuu! Auuu!"

Amayi ena pamsewu anaima n'kugwira pamtima. Ankaganiza kuti kwagwa maliro. Atate anachita manyazi. Anatembenuza lole.

"Uyunso ayi," anatero. "Uyu ndi wa kutchire basi."

Vidra anatsika. Anamwa madzi. Anagona pamthunzi. Anangoti phee.

Sanda anasangalala, koma pang'ono. Ursu anakanda chitseko. Vidra anakanda chitseko. Chitseko chake chomwecho. Sanda anatsinzina diso limodzi.

Galu wachitatu anabwera atanyamulidwa. Anamunyamula Azakhali Veta, achemwali a Atate. Azakhali anakhalapo ku Italy. Galuyo anabwera naye kuchokera komweko. Dzina lake linali Contesa. Anali wamfupi, wonenepa. Mphuno yake inali yophwatalala ngati wagunda khoma. M'khosi anali ndi riboni yofiira.

"Uyu anakwerapo ndege," anatero Azakhali. "Lole yako ndi chiyani kwa iye, Mitica?"

Mitica linali dzina la Atate. Atate anakanda m'mutu.

"Ndege yeniyeni?"

"Yeniyeni. Ali ndi pasipoti yake."

"Ndiye uyu ndiye galu!"

Sanda anayang'ana riboni. Anayang'ana Covrig. Covrig anali ndi matope m'mphuno. Sanda anamupukuta ndi diresi.

"Usadandaule," anamuuza. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Contesa anakhala pa mpando wa kuzenera, pa miyendo ya Azakhali. Gwa! Gwa! Thonje, thonje. Azakhali nawonso anamanga mpango kumutu.

"Watseka bwino, Mitica? Ndikumva kamphepo."

"Ndatseka, achemwali."

Ulendo uno sanafike n'komwe pa sitolo. Contesa anatulutsa lilime. Anayamba kuliza mkonono ali maso. Khro, khro, khro! Anaimirira n'kukanda chitseko. Kwe, kwe, kwe! Maso ake anatong'oka.

"Imitsa! Imitsa!" anakuwa Azakhali. "Ukundiphera mwana!"

Azakhali anatsika. Anathamangira pa chitsime. Anamuwaza Contesa madzi. Contesa anagona pamthunzi. Pang'ono ndi pang'ono anati phee.

"Lole yako ili ndi tsoka," anatero Azakhali. Anapita kwawo wapansi, osacheuka.

Atate anafika pakhomo ali ndwii. Anakhala pa sitepe. Anavula nsapato.

"Basi," anatero. "Sindikufunanso galu. Agalu onse n'chimodzimodzi. Ndiziyankhula ndi chiwongolero changa."

Sanda anayang'ana Covrig. Atate akakana agalu onse, ndiye kuti akananso Covrig. Ndipo Lamlungu linali pafupi. Kuseri kwa mpanda kunamveka kanthu. Ngwere, ngwere, ngwere. Anali Amalume Fane, akudutsa ndi njinga yawo.

Sanda anatsinzina diso limodzi kwambiri.

"Ndadziwa," anauza Covrig. "Ndi Amalume. Aika kanthu m'lole. Aika kanthu koti agalu azidana nako. Akufuna Atate akane agalu onse. Akufuna iweyo."

Covrig anapendeketsa mutu.

"Tiye tikafufuze."

Sanda anatsegula chitseko cha lole. Anakwera. Anasuzumira pansi pa mpando. Kodi muli tsabola? Kodi muli ubweya wa mphaka? Analowetsa mkono.

Anapeza makoko a mpendadzuwa. Anapeza sokosi imodzi yobowoka. Anapeza sipanala. Anapeza chipewa cha Atate cha nyengo ya chisanu. Chinali chachikopa cha nkhosa, chakuda, chachitali. Sanda anachinunkhiza. Chinkanunkha Atate basi. Anachibwezera pansi pa mpando.

Tsabola munalibe. Ubweya wa mphaka munalibe.

"Ndiye kali m'thumba mwawo," anatero Sanda.

Anathamangira kumsewu. Anaima kutsogolo kwa njinga. Anatambasula manja.

"Amalume, imani!"

"Kwagwanji, apolisi?" anafunsa Amalume.

"Ndione m'matumba mwanu."

Amalume anaseka. Anatsika panjinga. Anakhuthula thumba loyamba. Munali mpeni wodulira mavwende. Munali switi imodzi. Anakhuthula thumba lachiwiri. Ngwere! Tcheni inagwa pamchenga.

Sanda anaiyang'ana. Inali yaitali. Inali yadzimbiri. Misozi inabwera yokha.

"Mwaika chiyani m'lole ya Atate?" anafunsa.

"Ine? M'lole?"

"Agalu onse akukanda chitseko. Ndinu."

Amalume anasiya kuseka. Anagwada kuti alingane naye.

"Mwana wa achemwali anga, ine sindinaike kanthu. Ndikufuna mlonda, inde. Akuba andithera mavwende. Koma kulodza lole sindidziwa."

"Nanga akukandiranji?"

"Kaya. Amati galu wamkota sakandira pachabe. Koma chimene akukandira, afunse eni ake."

Anamupatsa switi ija. Sanda anaitembenuza. Inali switi wamba. Sanda anachita manyazi pang'ono. Koma diso lake linatsinzinabe.

Loweruka linafika. Atate anali kutsuka matayala. Sanda anaima pafupi. Covrig anaima kumbuyo kwake.

"Atate."

"Ee."

"Ursu mwamuyesa. Vidra mwamuyesa. Contesa mwamuyesa. Covrig simunamuyese."

"Ndanena kale, mwana wanga."

"Kamodzi kokha, Atate. Mawa akupita ku tcheni."

Atate anayang'ana Sanda. Anayang'ana kagalu. Kagalu kanagwedeza mchira wa buledi. Amama anasuzumira pakhomo, ufa uli m'manja.

"Muyeseni, Mitica," anatero. "Mwanayu sakudya chichokere Lolemba."

Atate anausa moyo.

"Chabwino. Mpaka pa mlatho. Akangolira, tibwerera. Ndipo nkhani yathera pomwepo."

Sanda ananyamula Covrig. Anamukhazika pa mpando wa kuzenera. Anamunong'oneza m'khutu.

"Usakande. Usalire. Chonde, Covrig."

Atate anatseka zenera la kumanja. Gwa! Anatseka zenera la kumanzere. Gwa! Thonje m'khutu ili. Thonje m'khutu ilo.

"Thukuta silipha. Mphepo ndiye imapha."

Lole inatsokomola. Lole inanyamuka. Anadutsa tchalitchi. Covrig anakhala phee. Anadutsa sitolo. Covrig anakhala phee. Sanda anayamba kumwetulira.

Dzuwa linali kuomba pa galasi. Mpando unatentha. Thukuta linatsika m'khosi mwa Sanda. Thukuta linatsika m'ndevu za Atate. Kenako Covrig anatulutsa lilime.

"Ayi," ananong'ona Sanda. "Bweza lilime."

Covrig anayamba kupuma wefuwefu. Anaimirira ndi miyendo iwiri. Anakanda chitseko. Kwe, kwe, kwe! Analira mawu aang'ono.

"Ii! Ii! Ii!"

"Waona?" anatero Atate. "Onse n'chimodzimodzi. Ndikatembenukira apo pa mtengo."

Sanda anafuna kulira. Koma sanalire. Anatsinzina diso limodzi. Anayang'anitsitsa.

Covrig sankakanda kuti atuluke. Ankakanda kuti akwere. Ankatambasula khosi. Mphuno yake inali pagalasi, pamwamba, pakona.

Pakonapo panali zidindo za mphuno. Panali chidindo chachikulu. Chimenecho chinali cha Ursu. Panali chidindo chachitali. Chimenecho chinali cha Vidra. Pansi pake panali kachidindo kophwatalala. Kameneko kanali ka Contesa. Mphuno zonse zinkaloza malo amodzi.

Sanda anatambasula chala. Anagwira pakonapo. Mphira inali itang'ambika. Panali kampata kakang'ono. Pakampatapo pankalowa kampweya kozizira.

Sanda anachotsa chala msanga. Mphepo! Anagwira khutu lake. Anachita mantha.

Anayang'ananso Covrig. Lilime lake linali lendee. Pa ubweya wake panalibe thukuta. Atate anali thapsa ndi thukuta. Sanda anali thapsa. Covrig anali wouma, atavala chijasi cha ubweya chosavuka.

Mtengo uja unali pafupi. Atate anayamba kuchepetsa liwiro.

Sanda anaganiza za khutu lopweteka. Anaganiza za dzino lobaya. Anaganiza za tcheni yadzimbiri. Anatseka maso onse awiri. Anagwira chopukusira zenera. Chinali cholimba, pakuti Atate anali atatseka mwamphamvu. Sanda anakankha ndi manja awiri.

Kwiii!

Galasi linatsika pang'ono. Mphepo inalowa. Fuuu!

"Mayo! Khutu langa!" anakuwa Atate.

Anaimitsa lole pambali pa msewu. Anagwira makutu onse awiri.

"Sanda! Wapenga? Tseka! Tseka msanga!"

"Atate, taonani."

"Ndione chiyani? Mawa ndidzuka khosi litauma!"

"Taonani Covrig."

Atate anayang'ana. Covrig anali ataika mphuno pampata. Sankakandanso. Sankaliranso. Ankapuma bwinobwino. Mchira wake unkavina. Sanda anathira madzi a m'botolo m'dzanja lake. Covrig anamwa. Kenako anakhala pansi. Anayang'ana kutsogolo ngati dalaivala.

"Agalu aja sanali oipa, Atate," anatero Sanda. "Ankapsa. Ife timatuluka thukuta. Iwo alibe. Ali ndi lilime lokha."

Anawaonetsa zidindo za mphuno. Atate anaziyang'ana nthawi yaitali. Anakanda m'mutu.

"Zoona," anatero. "Koma mwana wanga, khutu langali ndilitani? Galu apume, ine ndidwale?"

Sanda anaganiza. Anaganiza kwambiri.

"Atate, mphepo yodutsa imalowera kuti?"

"Pa zenera ili."

"Imatulukira kuti?"

"Pa zenera ilo."

"Nanga ilo lili lotseka. Idutsa bwanji?"

Atate anayang'ana zenera lawo. Linali lotseka, gwa. Anatsinzina diso limodzi. Diso lake lomwelo limene amatsinzina Sanda.

"Apa pali kanthu," anatero Atate. "Mphepo ndi yochenjera. Ikhoza kulowa, n'kuzungulira, n'kundipeza."

Sanda anawerama. Analowetsa mkono pansi pa mpando. Anatulutsa chipewa cha chikopa cha nkhosa.

"Ikupezani bwanji muli umu?"

"Chipewa cha chisanu? M'chilimwe muno? Anthu andiseka!"

"Thukuta silipha, Atate."

Atate anamuyang'ana. Ndevu zinayamba kugwedezeka. Anaseka. Anaseka mpaka misozi. Anatenga chipewa. Anachikokera pansi mpaka makutu anabisika.

"Tiye nazoni," anatero. "Koma zenera limodzi. Ndipo pang'ono, pokwana mphuno basi."

Lole inanyamuka. Anadutsa mtengo uja. Sanabwerere. Anafika pa mlatho. Sanabwerere. Anadutsa minda ya mpendadzuwa. Covrig anali phee, mphuno pampata.

Atate anayesa kuyankhula naye.

"Ukuuona msewuwu, Covrig? Maenje okhaokha."

"Wu," anatero Covrig.

Atate anadzidzimuka.

"Wamva, Sanda? Wayankha! Chiwongolero sichinayankhepo!"

Atabwerera, Amama anali pageti. Anaona chipewa. Anagwira m'chiuno.

"Mitica, mutu ukuyenda bwino? Kunja kukutentha chonchi!"

Kenako anaona zenera. Anagwira pakamwa.

"Mwatsegula? Ndi mwana m'kati? Sanda, bwera kuno! Khutu likupweteka?"

"Ayi, Amama."

"Dzino?"

"Ayi, Amama."

Amama sanakhulupirire. Anamugwira pachipumi. Anamutembenuza khosi uku ndi uku. Anamumwetsa tiyi wotentha, kuti mwina mwake.

Lamlungu m'mawa kunamveka ngwere, ngwere, ngwere. Amalume Fane anafika ndi tcheni yawo. Sanda anaima kutsogolo kwa Covrig.

"Pepani, alamu," anatero Atate. "Galuyu walembedwa ntchito. Ndi wothandiza dalaivala."

"Kagalu kameneka? Ndi mtundu wanji?"

"Mtundu wa m'lole," anatero Atate. "Satenga malo ambiri. Sauwa pachabe. Ukamuyankhula, amayankha. Ndinkafuna kutali, chonsecho ali pakhomo pomwe."

"Nanga mavwende anga?"

"Amalume," anatero Sanda, "Ursu uja saopa mimbulu. Ndipo amakonda mthunzi. Kumsasa kuli mthunzi."

Amalume anasisita chibwano.

"Ursu safuna tcheni," anatero. "Ndani angamumange ameneuja? Ndikakamba ndi abusa."

Anayang'ana tcheni m'manja mwawo. Anaipereka kwa Atate.

"Tengani. Chitseko chakumbuyo cha lole yanu chimatseguka chokha. Mudzataya mavwende anga."

Atate anamanga chitsekocho ndi tcheni. Sanda anapita kwa Amalume. Anayang'ana pansi.

"Pepani, Amalume. Ndinakunamizirani."

"Palibe kanthu, apolisi," anatero Amalume. Anamufinya mphuno.

Amama anasoka kalamba kofewa. Kankadutsa pachifuwa pa Covrig n'kukoledwa pa mpando, kuti asagwe lole ikaima mwadzidzidzi. Anamupatsa mbale ya madzi. Anamupatsanso silipasi ija.

"Waidya kale," anatero. "Ingomaliza."

Masana, onse anakwera lole. Anapita kukaona mtsinje. Amama anamanga mipango iwiri kumutu. Atate anavala chipewa chawo. Sanda anakhala pakati. Covrig anakhala kuzenera, mphuno pampata.

Anthu a pa sitolo analoza chipewa. Anaseka. Atate anawaimbira hutala. Pii, pii!

"Khutu lili bwanji, Atate?" anafunsa Sanda.

"Lili bwino."

"Ndiye kuti mphepo siipha?"

"Imapha!" anatero Atate. "Chipewachi ndiye chikundipulumutsa."

Sanda anayang'ana Atate. Anayang'ana chipewa. Diso lake linafuna kutsinzina. Koma Covrig anatembenuka n'kumunyambita pa diso lomwelo. Sanda anaseka. Anakumbatira galu wake. Kumbuyo kwa lole tcheni inkalira yokha, ngwere, ngwere, ngwere.